Edgar Allan Poe: Mlakatuli wa Chisoni Chokana Kutonthozedwa

Pa 29 Januwale 1845, nyuzipepala ya Evening Mirror ya mumzinda wa New York inasindikiza ndakatulo yotchedwa The Raven. Nkhani yake ndi yaifupi. Mwamuna woferedwa ali yekha m'chipinda pakati pa usiku, kenaka khwangwala akulowera pawindo n'kuyamba kuyankha mafunso ake ndi liwu limodzi lokha. M'ndakatuloyo mulibe mzukwa, mulibe mpeni, mulibe ngakhale dontho la magazi. Komabe amene anaiwerenga anachita nthumanzi, ndipo sanathe kuisiya. Nyuzipepala zina zinaikopera, anthu anailoweza pamtima, ena anayamba kulemba ndakatulo zoseketsa potsanzira kamvekedwe kake, ndipo dzina la mlembi wake, Edgar Allan Poe, linawanda m'dziko lonse la America.

Patha zaka zoposa 170 chimwalirireni Poe, koma ndakatulo zake zikuphunzitsidwabe m'masukulu ndi m'mayunivesite. Zambiri mwa izo zimakamba za munthu wosungulumwa, kapena za chikondi chimene chasanduka nthenda chifukwa chokana kuvomereza kuti wokondedwayo anapita. Ukamaliza kuwerenga, mtima sukhala m'malo. Nanga n'chiyani chimachititsa kuti zolemba zosautsa chonchi zikhale zapamwamba? Mbali ina ya yankho ili m'moyo umene Poe anakhala. Mbali inayo ili m'mene ankagwirira ntchito yake.

Mwana wa ochita zisudzo

Edgar Poe anabadwa pa 19 Januwale 1809 mumzinda wa Boston. Makolo ake, David Poe ndi Elizabeth Arnold Poe, anali ochita zisudzo oyendayenda m'mizinda ya kum'mawa kwa America, ntchito imene panthawiyo inali yonyozeka ndiponso ya malipiro ochepa. Bambo ake anathawa banja iye akali wamng'ono. Mu Disembala 1811 mayi ake anamwalira mumzinda wa Richmond ali ndi zaka 24, atadwala nthawi yaitali. Ana atatu aja anakula mosiyana. Mkulu wake Henry analeredwa ndi agogo ku Baltimore, mlongo wake Rosalie anatengedwa ndi banja la a Mackenzie, ndipo Edgar anatengedwa ndi John Allan, wamalonda a fodya, ndi mkazi wake Frances.

Banja la a Allan linamudyetsa, kumuveka ndi kumulipirira sukulu. Kuyambira 1815 mpaka 1820 anakhala nalo ku Britain, kumene anaphunzira pasukulu yogonera konko ku Stoke Newington, pafupi ndi London. Koma John Allan sanamulembetse mwalamulo kuti akhale mwana wake. Edgar anangolandira dzina la Allan pakati pa mayina ake. Anakulira m'nyumba ya anthu olemera akudziwa kuti alimo mwa chifundo chabe.

Ali ndi zaka 14 anadziwana ndi Jane Stanard, mayi wa mnzake wa kusukulu, amene ankamulandira ndi kumumvetsera akakhumudwa. Mayiyu anadwala matenda a maganizo n'kumwalira mu Epulo 1824. Patapita zaka zambiri, Poe ananena kuti ndakatulo yake yoyamba yotchedwa To Helen anailemba pokumbukira mayi ameneyu.

Ngongole ndi usilikali

Mu Febuluwale 1826 analowa University of Virginia. Ankakhoza bwino Chilatini ndi Chifalansa, koma ndalama zimene John Allan anamupatsa sizinkakwana. Anayamba kutchova juga, nagwa m'ngongole yaikulu imene John Allan anakana kubweza, ndipo pofika Disembala chaka chomwecho maphunziro anathera panjira. Atabwerera ku Richmond anapeza kuti chibwenzi chake ndi Elmira Royster chatha. Bambo a mtsikanayo ankabisa makalata amene Poe ankalemba, ndipo Elmira anadzakwatiwa ndi mwamuna wina.

Mu 1827, atakangana ndi John Allan, anachoka panyumba n'kupita ku Boston. Kumeneko anasindikiza kabuku kake koyamba, Tamerlane and Other Poems, makope pafupifupi 50, kopanda dzina lake pachikuto. Palibe anakalabadira. Posowa mtengo wogwira, analowa usilikali pa dzina labodza la Edgar A. Perry, nadziwonjezera zaka. Anali msilikali wakhama, moti pasanathe zaka ziwiri anakwezedwa kukhala sajeni meja. Pa 28 Febuluwale 1829 Frances Allan, mayi amene anamulera ndi kumukonda, anamwalira. Poe anafika ku Richmond maliro ataikidwa dzulo lake. Mu 1830 analowa sukulu ya akuluakulu a asilikali ya West Point, koma John Allan atakwatiranso n'kuleka kumuthandiza, iye anayamba dala kujomba pelete ndi makalasi mpaka anachotsedwa kumayambiriro kwa 1831.

M'chaka chimene Frances Allan anamwalira, Poe ali ndi zaka 20, analemba kandakatulo ka mizere 22 m'buku la zikumbutso la mtsikana wina wa ku Baltimore. Sanakasindikize. Kanadzatuluka mu 1875 ndi mutu wakuti Alone, iye atamwalira kale. Wolankhula m'kandakatuloko akuti kuyambira ubwana sankamva zinthu monga anzake ankamvera, ndipo chimene ankachikonda ankachikonda yekha. Pomaliza akutchula mtambo umodzi umene kwa iye ukuoneka ngati chiwanda, pamene thambo lonse lili bwinobwino. Chochititsa chidwi n'chakuti satchula chifukwa. Poe akanatha kulemba za umasiye, za bambo womulera wouma mtima, za chibwenzi chimene chinalandidwa. Zonsezi anazisiya kunja. Akanazitchula, wowerenga amene ali ndi makolo onse akanangomumvera chisoni n'kupitirira. Popeza sanazitchule, aliyense amene anakhalapo pagulu la anzake akuseka, iye yekha mtima uli kwina, amadzipeza m'mizere imeneyo.

Banja ndi ntchito ya ukonzi

Atachoka ku West Point anakakhala ku Baltimore kwa azakhali ake, Maria Clemm, mayi wamasiye amene ankakhala ndi mwana wake wamkazi Virginia. Mkulu wake Henry analinso m'nyumba yomweyo, ndipo anamwalira mu Ogasiti 1831, nayenso ali ndi zaka 24. Poe anaona kuti ndakatulo sizidyetsa munthu, choncho anayamba kulemba nkhani zazifupi. Mu 1833 nkhani yake MS. Found in a Bottle inapambana mphoto ya madola 50 pampikisano wa nyuzipepala ya Baltimore Saturday Visiter. Chaka chotsatira John Allan anamwalira ali wolemera kwambiri, koma m'wilo yake sanamutchule Poe ngakhale pang'ono.

Mu 1835 anapeza ntchito ku magazini ya Southern Literary Messenger ku Richmond. Pa 16 Meyi 1836 anakwatira msuweni wake Virginia. Iye anali ndi zaka 27, mtsikanayo 13, ndipo chikalata cha ukwati chinanama kuti ali ndi zaka 21. Kukwatirana pachisuweni sikunali kwachilendo panthawiyo, koma msinkhu wa Virginia unali wochepa ngakhale pa miyezo ya masiku amenewo, n'chifukwa chake anaubisa. Lero umenewu ndi ukwati wa mwana, ndipo luso la Poe silifafaniza zimenezo. Atatuwa, Poe, Virginia ndi Maria Clemm, anakhala pamodzi kuyambira pamenepo, akusamukasamuka pakati pa Richmond, New York ndi Philadelphia potsata ntchito.

Monga mkonzi, Poe anali wakhama ndiponso woopedwa, chifukwa ankadzudzula mabuku a anzake mosapsatira mawu. Anadzipangira adani ambiri. M'zaka zimenezi analemba nkhani zimene zinamutchukitsa pambuyo pake: Ligeia mu 1838, The Fall of the House of Usher mu 1839, The Murders in the Rue Morgue mu 1841, imene ambiri amaitenga ngati nkhani yoyamba ya munthu wofufuza milandu, ndi The Tell-Tale Heart mu 1843. M'nkhani zambiri mwa izi anazolowera njira imodzi: wofotokoza nkhani ndi munthu wosokonekera amene akuyesetsa kutitsimikizira kuti mutu wake ukuyenda bwino, ndipo m'kuyesetsa komweko akudziulula. Njira imeneyi ndi imene anadzaibweretsa m'ndakatulo zake zazikulu.

Mu Januwale 1842, ku Philadelphia, Virginia akuimba nyimbo papiyano, anayamba kutuluka magazi m'kamwa. Chinali chifuwa chachikulu, matenda amene panthawiyo analibe mankhwala. Anadwala zaka zisanu, lero akupezako bwino, mawa akutsala pang'ono kutsirizika. M'kalata ina ya mu 1848 Poe anafotokoza kuti chimene chinamusautsa koposa chinali kukhala pakati pa chiyembekezo ndi kutaya mtima, mobwerezabwereza, ndipo kuti m'nthawi zoterozo ankamwa mowa mosadziletsa. Mowawo unamuwonongera ntchito ndi maubwenzi kangapo konse.

Khwangwala wodziwa liwu limodzi

The Raven inalembedwa mkati mwa matenda amenewa. Virginia anali akali moyo, akutsokomola m'nyumba yomweyo, pamene mwamuna wake ankalemba za munthu amene wokondedwa wake anafa kale.

Ndakatuloyi imayamba usiku wa mu Disembala. Mwamuna akuwerenga mabuku akale pofuna kuiwala mkazi wotchedwa Lenore. Akumva kugogoda, akutsegula chitseko, palibe munthu. Akutsegula windo, ndipo mukulowa khwangwala wamkulu wakuda bii, wopanda choyera pakhosi, amene akukatera pa chosema cha mutu wa Pallas, mulungu wamkazi wa nzeru wa Agiriki, pamwamba pa chitseko. Mwamunayo akumwetulira n'kufunsa mbalameyo dzina lake mongocheza. Iyo ikuyankha ndi liwu limodzi la Chingerezi lotanthauza kuti chinthu sichidzachitikanso mpaka kalekale.

Apa mpamene pagona luso lonse. Mwamunayo si wopusa. Iye mwini akulingalira kuti mbalameyo inaphunzira liwulo kwa mbuye wake wina watsoka, ndipo sidziwa liwu lina. Atazindikira zimenezi, munthu wofuna mtendere akanasiya kufunsa. Koma iye akukokera mpando pafupi n'kuyamba kufunsa mafunso opweteka kwambiri, limodzi ndi limodzi. Kodi adzaiwala Lenore? Kodi alipo mankhwala a bala lake? Funso limeneli akulitenga m'mawu a mneneri Yeremiya onena za mafuta ochiritsa a ku Gileadi. Kodi adzakumananso ndi Lenore m'Paradaiso? Yankho akulidziwa asanafunse. Pomaliza akulamula mbalameyo kuti ichoke, ndipo yankho ndi lomwelo. Ndakatulo ikutha mbalame ikadali pomwepo, mwamunayo ali pansi pa chithunzithunzi chake.

Choopsa m'ndakatuloyi si mbalame. Mbalame ikungobwereza chimene inaphunzira. Amene akusankha mafunso ndi munthu. Akanatha kufunsa ngati adzavutikanso chonchi, ndipo liwu lomwelo likanakhala chitonthozo. Iye akusankha mafunso amene yankho lake limubaye. Chisoni chake chafika poti sakufunanso kuchira, chifukwa kuchira kukuoneka ngati kumutaya Lenore kachiwiri. Poe sananene zimenezi paliponse m'ndakatuloyo. Wowerenga amazitulukira yekha, ndipo chimene munthu watulukira yekha chimamukhala nthawi yaitali kuposa chimene wauzidwa.

Kamvekedwe nako kali ndi ntchito yake. Ndakatuloyi ili ndi ndime 18, iliyonse ya mizere 6, yonse pamodzi mizere 108. Mizere isanu ndi yaitali, yoyenda ndi kugunda kosasintha, yokhala ndi mawu omveka mofanana pakati ndi kumapeto. Womaliza ndi waufupi, ndipo m'ndime zonse 18 umathera pa kamvekedwe kofanana ndi mathero a dzina la Lenore. Pofika pakati pa ndakatulo, khutu lazolowera ndipo likudikira liwu lija. Ukamawerenga mokweza umapezeka ukulilakalaka, ngakhale ukudziwa kuti likumupha munthuyo pang'onopang'ono. Mwanjira imeneyi Poe amamulawitsa wowerenga nthenda ya mwamunayo: kubwerera ku chinthu chopweteka chifukwa choti wachizolowera.

Mmene ananenera kuti anailembera

Mu Epulo 1846 Poe anasindikiza nkhani yotchedwa The Philosophy of Composition mu Graham's Magazine, yofotokoza mmene anapangira The Raven. Anakana maganizo akuti mlakatuli amalemba atagwidwa ndi mzimu. Iye anati anayenda sitepe ndi sitepe ngati wowerengera masamu. Anayamba ndi utali: ndakatulo iwerengedwe pa nthawi imodzi, mizere pafupifupi 100, kuti zochitika za tsiku zisadule mphamvu yake. Anasankha chisoni kukhala mzimu wake, nasankha liwu lobwerezabwereza, kenaka anafunafuna cholengedwa chimene chingalibwereze popanda kuganiza. Poyamba anaganiza za mbalame yolankhula ija yoweta, koma anaona kuti khwangwala akugwirizana ndi chisoni. Khwangwala wolankhula anali atamuona kale m'buku la Charles Dickens, Barnaby Rudge, limene analiunika m'magazini. Ananenanso kuti anayamba kulemba ndime ya pachimake, kenaka zinazo.

Akatswiri ambiri amakayika ngati zinayendadi mwadongosolo chonchi. Koma nkhaniyi imationetsa mfundo yofunika: Poe ankadziwa chimene munthu wa m'ndakatulo yake akuchita, ndipo anachitchula yekha kuti ndi kudzizunza dala. Mlakatuli anaima panja akuyang'ana, pamene wolankhula anali mkati akumira. Chisoni chongokhuthulidwa papepala chimathandiza wolemba, koma kawirikawiri sichifika kwa wowerenga. Chimafika chikaumbidwa ndi munthu amene akuona chiyambi ndi mathero ake.

M'nkhani yomweyo Poe ananena kuti palibe mutu woyenera ndakatulo kuposa imfa ya mkazi wokongola, yofotokozedwa ndi mwamuna womukonda. Maganizo amenewa adzudzulidwa kwambiri, ndipo m'pomveka. M'ndakatulo zakezi akazi salankhula. Za Lenore sitidziwa chimene ankakonda, chimene chinkamuseketsa, ngakhale chimene chinamupha. Komatu kusowa kumeneku kumaulula khalidwe la chikondi chokakamira. Munthu wotero amatchula dzina la wokondedwa wake kosalekeza, koma ukamvetsera bwino, nkhani yonse ndi ya iye mwini: ululu wake, usiku wake, moyo wake. Wokondedwayo watsala dzina lokha.

Virginia weniweni anali ndi mawu ake. Pa 14 Febuluwale 1846 analembera mwamuna wake kandakatulo kamene zilembo zoyamba za mizere yake zimapanga dzina la Edgar Allan Poe. M'menemo anapempha kanyumba kakutali ndi anthu amiseche, chifukwa panthawiyo mu New York munali manong'onong'o okhudza Poe ndi akazi ena olemba ndakatulo.

Kanyumba ka ku Fordham

Kutchuka kwa The Raven sikunabweretse chuma. Poe analandira ndalama zochepa kwambiri, ndipo nyuzipepala zimene zinaikopera sizinamulipire. Magazini ya Broadway Journal, imene anakhala mwini wake mu 1845, inagwa mu Januwale 1846. Chaka chomwecho banjalo linasamukira m'kanyumba ka ku Fordham, kunja kwa New York. Mary Gove, mayi amene anakawayendera, analemba kuti anapeza Virginia atagona pa matiresi a udzu, atafunda chijasi cha mwamuna wake, mphaka atamugonera pachifuwa kuti amve kutentha. Virginia anamwalira pa 30 Januwale 1847 ali ndi zaka 24, msinkhu womwewo umene mayi ake a Poe ndi mkulu wake anamwalira nawo.

Mu Disembala 1847 munatuluka ndakatulo ya Ulalume. Mwamuna akuyenda usiku wa mu Okutobala m'nkhalango, akucheza ndi mzimu wake womwe, umene akuutcha Psyche. Akuona nyenyezi yowala n'kuitsatira poganiza kuti ikumutengera ku chiyembekezo. Mzimuwo ukumuchenjeza kuti abwerere, koma iye akuunyengerera. Njirayo ikuthera pakhomo la manda, ndipo pamenepo akukumbukira kuti usiku ngati womwewo, chaka chapitacho, iye mwini anabweretsa mtembo wa wokondedwa wake pamalopo. Mutu unali utaiwala, koma miyendo inkadziwa njira. Aliyense amene anaferedwapo amadziwa za tsiku limene thupi limalemera popanda chifukwa, kenaka n'kukumbukira kuti ndi tsiku lanji. Poe anatenga chinthu chodziwika chimenechi n'kuchisandutsa ulendo wa usiku umodzi.

Zaka ziwiri zotsatira zinali zosokonekera. Mu 1848 anafunsira mlakatuli wamasiye Sarah Helen Whitman wa ku Providence, kwinaku akulembera makalata achikondi mayi wina wapabanja, Annie Richmond wa ku Lowell. Mu Novembala chaka chimenecho anamwa mankhwala a laudanum opitirira muyeso ku Boston, koma anapulumuka. Whitman anavomera ukwati pokhapokha Poe atasiya mowa, ndipo mu Disembala chitomero chinatha. Mu 1849 anabwerera ku Richmond, kumene anakumananso ndi Elmira, chibwenzi chake cha paunyamata, amene tsopano anali wamasiye. Anamufunsiranso, ndipo mu Ogasiti analowa bungwe lolimbikitsa kusamwa mowa la Sons of Temperance.

Nthano imene imathera kumanda

M'chaka chomalizachi analemba Annabel Lee. Ndakatuloyi imayamba ngati nthano youza ana: kalekale, m'ufumu wa m'mbali mwa nyanja, munali mtsikana ndi mnyamata okondana. Mawu ake ndi osavuta, kayendedwe kake n'kofewa ngati nyimbo yogonekera mwana. Mtsikanayo akuzizidwa ndi mphepo n'kumwalira, ndipo abale ake akumuika m'manda. Wolankhula akuti angelo ndi amene anatumiza mphepoyo chifukwa cha nsanje. Akuti chikondi chawo chinaposa cha akuluakulu ndi anzeru, ndipo palibe mngelo kapena chiwanda chimene chingawalekanitse. Mpaka apa, wowerenga akhoza kugwedeza mutu kuti ichi ndiye chikondi. Ndime yomaliza ndi imene imaulula kumene mwamunayo amagona usiku uliwonse: m'mandamo, pambali pa mtembo.

Ukafika pamenepo umabwerera kumayambiriro, ndipo zonse zimaoneka mwina. Munthuyu akuimba mlandu kumwamba, akuona abale a mtsikanayo ngati olanda, akunyoza aliyense amene angamulangize, ndipo patapita zaka zambiri akulankhulabe ngati mwana. Zizindikiro zonse zinalipo, koma kukoma kwa nyimbo kunatiphimba m'maso. Mpaka lero ena amaiwerenga ngati ndakatulo ya chikondi chokhulupirika, ena ngati mawu a munthu wodwala. Mphamvu yake ili pakuti mawu omwewo amanyamula zonse ziwiri, monga zimakhalira m'moyo. Chikondi chokakamira sichibwera ndi nkhope yoopsa. Chimalankhula mawu okoma onena za kukhulupirika mpaka muyaya, ndipo omvera amachedwa kuzindikira kuti chafika pena.

Imfa ndi mbiri yopotozedwa

Pa 27 Seputembala 1849 Poe ananyamuka ku Richmond pa ulendo wa kumpoto. Pa 3 Okutobala, tsiku la chisankho, munthu wina wogwira ntchito yosindikiza, Joseph Walker, anamupeza ku Baltimore pamalo omwera mowa amene ankagwiritsidwanso ntchito poponyera voti. Anali wosazindikira bwino, atavala zovala zosakhala zake. Anamutengera ku Washington College Hospital, kumene anamwalira Lamlungu pa 7 Okutobala ali ndi zaka 40. Madokotala ndi olemba mbiri akhala akutsutsana za chimene chinamupha. Pamaliro pake panafika anthu owerengeka, ndipo manda ake anakhala opanda mwala wa dzina kwa zaka 26.

Patangopita masiku awiri, Rufus Griswold, mlembi amene anali ndi mangawa ndi Poe, analemba za imfayo mu New York Tribune pa dzina lobisika la Ludwig, ndipo m'nkhani yomweyo ndi mmene Annabel Lee inasindikizidwa koyamba. Griswold yemweyo ndi amene anasonkhanitsa zolemba za Poe. Mu 1850 analemba mbiri yomujambula ngati chidakwa chamisala chopanda mnzake, mpaka anasintha mawu m'makalata ena a Poe. Anthu amene anagwira naye ntchito, monga Nathaniel Parker Willis wa Evening Mirror ndi George Graham, anatsutsa, nanena kuti ankamudziwa ngati munthu waulemu ndi wolimbikira ntchito. Koma bodza linali litathamanga kale, ndipo linakoma chifukwa linkafanana ndi anthu a m'nkhani zake. Owerenga ambiri anayamba kuganiza kuti Poe ndi yemwe uja wogona kumanda. Zoona zake n'zakuti munthu wosokonekera kotheratu sangawerengere mizere 108 n'kuika liwu lililonse pamalo pake.

Si onse anamulemekeza. Ralph Waldo Emerson anamunyoza kuti ndi wongoliza mawu ngati mabelu. Koma ku France, Charles Baudelaire anathera zaka zambiri akumasulira nkhani zake, ndipo mu 1875 Stéphane Mallarmé anatulutsa The Raven m'Chifalansa ndi zithunzi za Édouard Manet. Chaka chomwecho ku Baltimore anamuikira chipilala chogulidwa ndi ndalama zimene aphunzitsi ndi ana asukulu anathandiza kusonkha. Mu 1885 mafupa a Virginia anabweretsedwa kudzaikidwa pamalo omwewo, pamene panagonanso Maria Clemm.

Chimene wowerenga amatsala nacho

Wina akhoza kufunsa ngati kuli kwanzeru kuwerenga zinthu zamdima chonchi. Funsoli n'loyenera, chifukwa zilipo zolemba zimene zimakometsera nthenda n'kuitcha chikondi. Poyesa, tiyang'ane chimene ndakatulo yachita nafe pomaliza. Ndakatulo za Poe zimatilowetsa m'mutu mwa munthu wosungulumwa mpaka timve kukoma kwa maganizo ake, kenaka zimationetsa kumene maganizowo amathera: pansi pa chithunzithunzi cha mbalame, pakhomo la manda, pambali pa mtembo. Sizilalikira, koma sizinamanso. Palibe amene amamaliza The Raven akusirira mwamuna uja.

M'ndakatulo zitatu zazikuluzi muli chinthu china chofanana: mulibe munthu wachiwiri wamoyo woti ayankhe. Wina akulankhula ndi mbalame, wina ndi mzimu wake womwe, wina ndi manda. Palibe mbale, palibe mnzake, palibe wodzakhuza maliro. Ulendo wina mwamuna wa mu The Raven anatsegula chitseko poganiza kuti kwabwera mlendo, koma anapeza mdima wokhawokha. Wowerenga amene waona zimenezi amayamba kumva mosiyana mnzake wa m'chipinda chogona akamabwereza dzina limodzi mwezi ndi mwezi, akamafunsa mafunso amene yankho lake akulidziwa kale, kapena akamanena kuti palibe amene angamvetse chikondi chake. Amadziwa kuti pamenepo pakufunika munthu wogogoda pachitseko.